Mukufuna kuyamba bizinesi ya ma design ndi ma webusayiti muli pakhomo? Werengani izi kaye

Funso ili likumandipeza pafupipafupi, pena ku inbox pena pa WhatsApp, "achimwene ndaphunzira Photoshop nde ndiyambe bwanji kuti ndizipeza kangachepe ndili pakhomo". Ndakhala ndikuyankha mmodzi mmodzi ndi ma voice note, nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi aliyense wofunsa azingowerenga pano. Ndinenetu poyambirira, achinyamata ambiri omwe ndawaona akuisiya ntchito imeneyi luso anali nalo ndithu, chomwe chinawagwetsa ndi nkhani ya ndalama, kugwira ntchito osalipidwa komanso kutchaja mtengo woti sukubweza olo ya bandulo. Nchifukwa chake pa nambala 4, 5 ndi 6 ndakhalitsapo dala, enawo ndingodutsapo.

1. Zipangizo

Laputopu ikufunika, foni yokha siikwanira mukafika pa ntchito za printi ndi ma webusayiti. Sikuti mpaka yatsopano ayi, ya second hand ili bho bola RAM isachepere 8GB komanso ikhale ndi SSD, chosungira ma file chothamanga, osati ma hard disk akale aja. Pogula musamangoona kukongola, izuleni ku magetsi pompo muone batire ikukhala nthawi yaitali bwanji, poti magetsi akathima kasitomala akudikira fulaya yake ndi batire yomweyo imene ikupulumutseni. Gulaninso mouse, komanso surge protector chifukwa magetsi pobwerera nthawi zina amabwera mwamphamvu nkuotcha chaja. Ma SIM khalani nawo awiri, wa Airtel ndi wa TNM, netiweki ina ikavuta mulumphire kwinako.

Ntchito zanu zizikhala malo awiri. Google Drive imapatsa 15GB yaulere, kuonjezera apo kagulen external hard drive. Laputopu imabedwa, imafa, nde kasitomala akabwera chaka chamawa kuti mungosintha deti pa posita ija simungamuuze kuti zinapita.

Za mapulogalamu, Adobe amalipitsa mwezi ndi mwezi ndipo ndi madola. Ndikudziwa ambiri mumathamangira za crack, zija zothyoledwa kuti musalipire, koma zambiri zimabwera ndi ma virus, ndipo mu laputopu yomweyo mudzakhala mukusunga ma password a ma webusayiti a anthu. Zaulere zilipo zogwira ntchito: Inkscape ya ma logo, GIMP ya zithunzi, Photopea yomwe imatseguka mu browser nkumatsegula ma file a Photoshop, Figma ya kujambula mmene webusayiti idzaonekere. Canva ndi yabwino pa zinthu za pa Facebook ndi pa status koma musathere pomwepo. Ndipo muidziweko CorelDRAW chifukwa mashopu ambiri a printi ndi yomwe amagwiritsa ntchito.

2. Yambani ndi chinthu chimodzi, mukhale ndi zoonetsa

Osamalemba kuti mumapanga chilichonse, logo, video, app, webusayiti, ma T-shirt, pomwe palibe chomwe mwachigwira bwino. Sankhani chimodzi chomwe anthu okuzungulirani akuchifuna kale. Kuno kwathu ntchito zomwe sizitha ndi makhadi a ukwati ndi chinkhoswe, bridal shower, ma posita a misonkhano ya kutchalitchi, pulogalamu ya maliro, ma fulaya a masukulu a private nthawi yolemba ana, ma menu a malesitilanti, ma label a anthu opanga chiponde, sopo, uchi ndi zina zotero. Palibe angakupatseni ntchito asanaone zomwe munapangapo, nde pangani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zabwino kwambiri, olo zikhale za mabizinesi ongopeka bola munene kuti ndi zoyeserera. Ikani pa WhatsApp Business mu catalogue muja ndi pa page ya Facebook. Chonde osatenga ntchito ya munthu wina pa Pinterest nkumati ndi yanu, dziko lathu ndi laling'ono ndipo opanga ma design amadziwana.

3. Pitani ku shopu ya printi mukaphunzire

Apa ndi pomwe ophunzira pa YouTube okhaokha amagwa. Chinthu chikuoneka bwino pa screen koma potuluka pa pepala mtundu wasintha, mawu adulidwa, chithunzi chachita mabokosi mabokosi. Mawu omwe mukawamve kumeneko ndi awa.

RGB ndi mitundu ya pa screen, CMYK ndi ya inki. Buluu wowala uja ndi girini wonyezimira wa pa foni pa inki amazilala, nde ntchito ya printi muziiyamba mu CMYK ndipo kasitomala mumuuziretu kuti pepala siliwala ngati foni. Zithunzi za printi ya pafupi ngati khadi kapena fulaya zikhale 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa saizi yeniyeni. Bleed ndi kampata koonjezera, kawirikawiri 3mm mbali zonse, komwe background imapitirira malire kuti podula ndi makina pasatsale kamzere koyera mmphepete. Mawu ndi manambala a foni asayandikire mmphepetemo. Saizi muziidziwa pamtima, A4 ndi 210mm kwa 297mm, A5 ndi 148mm kwa 210mm.

Musanatumize file sandutsani mawu onse akhale zojambula, ku CorelDRAW amati convert to curves ku Illustrator ya Adobe amati create outlines, apo bii kompyuta ya ku shopu ikakhala ilibe font yanuyo imangoika ina nkusokoneza zonse. Komanso mukamalemba Chichewa kapena Chitumbuka yesani kaye ngati font yomwe mwasankhayo ili ndi chilembo cha ŵ, ma font ambiri okongoletsa aja alibe, pamangotuluka kabokosi. Ku Google Fonts mukhoza kuyeseratu musanatsitse.

Logo izikhala vector, kutanthauza file yoti olo muikulitse kufika pa billboard siiphwanyika, monga SVG, AI, EPS kapena PDF. Logo ya JPG yokha si logo yomaliza. Ndipo pa WhatsApp tumizani ngati document osati ngati chithunzi, poti WhatsApp imafinya zithunzi nkuononga quality. Kasitomala nayenso mumuuze chimodzimodzi akamakutumizirani zithunzi zake.

Chinanso, maina. Pa pulogalamu ya maliro kapena khadi la ukwati kulakwitsa dzina la munthu kapena deti ndi nkhani yaikulu, anthu amakhumudwa zenizeni. Mawu onse kasitomala akutumizireni olemba, osati pa voice note kapena pa foni, inu muzingokopera, ndipo asanapite ku printi awerenge yekha nkulemba kuti zili bwino.

4. Mtengo

Ambiri mumandifunsa kuti logo ndi zingati. Sindikupatsani nambala chifukwa mmene mitengo ikusinthira pano nambala ya lero miyezi itatu ikubwerayi ikhala yopanda ntchito. Koma kawerengedwe kake ndi aka. Lembani zonse zomwe mumaononga pa mwezi kuti ntchito iyende, bandulo, mayunitsi a magetsi, thiransipoti yopita ku printi ndi kokumana ndi anthu, kachigawo kosungira laputopu ina poti yomwe muli nayoyo idzatha, kenako ndalama yoti inuyo mudye ndi kulipira lendi. Mukaphatikiza mugawe ndi maola omwe mumagwiradi ntchito yolipidwa. Apa nde pomwe ambiri amadzinamiza, amawerenga ngati tsiku lonse akhala akudizayina, pomwe theka la nthawi limathera poyankha mameseji, kudikira magetsi, kulondola ndalama ndi kusaka makasitomala. Tingoyerekeza kuti zonse pamodzi zakwana K400,000 ndipo maola enieni ndi 80 pa mwezi, ndiye kuti ola lanu ndi K5,000. Fulaya yomwe ikudyereni maola atatu kuphatikiza zosintha singakhale pansi pa K15,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikanimo anu.

Ola lanulo kasitomala musamuuze, iye mumupatse mtengo wa ntchito yonse. Ndipo musatchule mtengo musanafunse mafunso. Munthu akangoti "bwana fulaya ndi zingati" yankhani ndi mafunso kaye, ndi ya printi kapena ya pa foni, mbali imodzi kapena ziwiri, mawu ndi zithunzi ali nazo kale, akuifuna liti. Ya mawa mmawa ndi ya sabata ya mawa mtengo sungafanane, kugona mochedwa kulipiridwe.

Akakunenererani, ndipo adzanenerera ndithu poti ndi chikhalidwe chathu, musangotsitsa mtengo ntchito ili yomweyo. Chotsani kanthu. Ngati akufuna zotsika, ndiye kuti logo ikhala ya maganizo amodzi osati atatu, kapena fulaya ikhala mbali imodzi. Mukangotsitsa popanda kuchotsa kanthu mwamuuza kuti mtengo woyamba uja munangomuyesa, ndipo aliyense amene adzamutumize kwa inu adzabwera akudziwa kale zimenezo.

Nanga achibale ndi akumpingo? Apa pamavuta, ndikudziwa. Amalume akufuna khadi la ukwati wa mwana wawo, abusa akufuna posita ya msonkhano. Kuthandiza nkwabwino, ine sindingakuletseni, koma musankhe nokha kuti iyi ndikupereka ngati mphatso ndipo munene poyera, "amalume ntchito imeneyi ndimatchaja mwakuti koma kwa inu ndi mphatso yanga ya ukwati". Akadziwa mtengo wake amailemekeza komanso akamauza anzawo sanena kuti mwana uja amapanga zaulere. Chomwe muzikana ndi zija amati tipangireni ulere tikutchukitsani, munthu wa bizinesi yemwe akugulitsa katundu wake ndi ndalama alipire basi.

5. Dipoziti ndi mgwirizano, apa mpomwe pagona nkhani

Osayamba ntchito musanalandire dipoziti. Theka. Kaya munthuyo wabwera pa galimoto yotani, kaya akuyankhula mokoma bwanji, kaya wati ndalama ikulowa Lachisanu. Kalipentala sayamba kukhoma bedi musanamupatse ya matabwa, nde inu mukuchitiranji manyazi? Ndikudziwa mantha ake, mumaganiza kuti ndikatchula dipoziti athawa. Ena athawadi, koma othawa dipoziti ndi omwewo amene akanakuzimitsirani foni ntchito itatha. Ndipo ngati ntchitoyo ikuphatikiza printi, ndalama ya printi yonse ibwere patsogolo, musamaike yanu.

Mgwirizano sikuti mpaka loya ayi. Meseji imodzi ya pa WhatsApp yomveka bwino, kasitomala nkuyankha kuti wavomera, ndi poyambira pabwino. Ine ndimalemba motere:

"Zikomo mayi. Tagwirizana kuti ndikupangirani logo imodzi ndi fulaya ya A5 mbali imodzi. Mtengo wonse ndi mwakuti, theka mupereka tisanayambe, lotsalalo mukavomereza ntchito ndisanatumize ma file omaliza. Ndikuonetsani koyamba pakatha masiku atatu kuchokera tsiku lomwe mwanditumizira mawu ndi zithunzi zonse. Kusintha ndi maulendo awiri, kupitirira apo ulendo uliwonse ndi mwakuti. Mtengowu ukugwira ntchito kwa masiku 14. Ngati zili bwino yankhani kuti mwavomera."

Taonani zomwe zili mmenemo. Masiku akuyamba kuwerengedwa iye akatumiza zinthu, osati tsiku la dipoziti, chifukwa pali anthu amakhala masabata awiri osatumiza chithunzi kenako nkumakuimbirani kuti mwachedwetsa ntchito. Kusintha kuli ndi malire. Ndipo mumufotokozere kuti ulendo umodzi ndi chani: aone ntchito yonse, asonkhanitse zonse zomwe akufuna zisinthe, atumize pakamodzi. Osati 7 koloko "kulitsani logo", 9 koloko "bwezerani mmene inalili", 11 koloko usiku "akazi anga akuti buluu ayi". Kusintha mtundu kapena mawu ndi kusintha, koma kunena kuti tiyambirenso ndi maganizo ena ndi ntchito yatsopano, mtengonso watsopano.

Ntchito ikakhala ya komiti, ya ukwati kaya ya kumpingo kaya bungwe, funsani tsiku loyamba lomwe kuti wovomereza ndi ndani. Munthu mmodzi. Akakambirane okha kumeneko, kwa inu kubwere mawu amodzi. Musalole kulowetsedwa mu gulu lawo la WhatsApp, mudzapezeka tcheya akuti chofiira msungichuma akuti chagolide ndipo onse akuyembekeza kuti muwamvere.

Poonetsa ntchito tumizani yaing'ono yokhala ndi watermark, dzina lanu lodutsa pakati mozilala, yoti sangaiprinte kapena kuiika pa status. File yeniyeni imatuluka ndalama yotsala ikalowa. Ndipo kulowa kwake mutsimikize nokha. Screenshot si ndalama, SMS yokha si ndalama, akuba amatha kupeka meseji yooneka ngati ya Airtel Money kapena Mpamba. Lowani mu akaunti muone balansi. Wina akati watumiza zambiri molakwitsa mumubwezere zapamwamba, musathamange, onani kaye balansi ndipo ngati zilidi choncho adutse ku kampani ya foniyo. Kumbukiraninso kuti potapa kwa agent amadula, nde muziwerengeratu mu mtengo.

Nkhani ya ma source file, aja a PSD, AI kapena CDR oti munthu angathe kusintha yekha, mugwirizane poyamba. Pa logo ine ndimaona kuti kasitomala ayenera kulandira ma vector onse poti ndi chizindikiro chake adzachigwiritsa ntchito zaka zambiri. Pa fulaya ndi posita source file ndi ya mtengo wapadera.

Akasowa osamaliza kulipira, mukumbutseni mwaulemu kawiri katatu molemba, kenako siyani, dipoziti muli nayo ndipo file sanatenge. Zokamuyalutsa pa Facebook zija musachite, makasitomala ena akuona ndipo amaopa kuti mawa ndi iwo.

6. Ma webusayiti

Webusayiti ndi yosiyana ndi fulaya chifukwa siitha tsiku lomwe mwaipereka. Pali zinthu ziwiri zolipira chaka ndi chaka. Domain ndi dzina lomwe anthu amalemba kuti afike pa webusayitiyo, lothera ndi .com kapena .mw, ndipo ma .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Hosting ndi malo pa kompyuta ya kampani ina pomwe ma file a webusayiti amakhala kuti izioneka usana ndi usiku. Makasitomala ambiri sadziwa zimenezi, amaganiza kuti akalipira kamodzi basi zatha, nde chaka chikatha webusayiti nkuzima amati mwawabera. Muwauze tsiku loyamba ndipo mulembe mu kotesheni pa mzere wakewake.

Zinthu zimenezi mitengo yake imatsatira dola. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25%, mu November 2023 inagwanso ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Hosting ya madola 100 yomwe inali K118,000 inasanduka K170,000 tsiku limodzi. Nde amene analonjeza kasitomala mtengo wokhazikika wa zaka zitatu anaika ndalama yake. Inu muzilemba kuti mtengo wa domain ndi hosting udzatengera mmene zidzakhalire nthawi yolipirayo. Komanso ndi kusowa kwa forex kulipira kunja ndi khadi ya banki nthawi zina kumakanika, nde musadikire tsiku lomaliza, yambani mwezi wathunthu isanathe, kapena gwiritsani ntchito makampani a hosting a konkuno olandira makwacha. Domain ikatha nkukhalitsa osalipira kuibweza kumadula kwambiri, penanso munthu wina amaigula.

Domain ilembetsedwe mu dzina ndi email ya kasitomala, osati yanu. Ndikudziwa ena amaisunga dala kuti kasitomala asathawe, koma ine ndimaona kuti ndi kulakwa ndipo zimaipitsa mbiri ya tonse. Mawa mukadwala kapena mukapita ku Joni, sukulu ya eni ake kapena lodge ya ku Mangochi itaye dzina lake chifukwa cha inu? Apatseni ma password awo olembedwa bwino. Ngati mukufuna ndalama ya mwezi ndi mwezi agulitseni chisamaliro, kupanga ma update, backup, kusintha mitengo ndi zithunzi, imeneyo nde ndalama yoyera komanso yokhazikika kuposa kusaka kasitomala watsopano tsiku lililonse.

Pomanga, WordPress, pulogalamu yomangira ma webusayiti, ndi yokwanira pa mabizinesi ambiri ang'onoang'ono. Ma theme (maonekedwe opangidwa kale) ndi ma plugin (tizida toonjezera) a crack, amati nulled, osayerekeza, ndi njira yomwe ma hacker amalowera. SSL, kaloko kaja ka chitetezo ka pa browser, ma hosting ambiri amapereka yaulere kudzera ku Let's Encrypt. Anthu athu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni komanso bandulo yowerengera, nde finyani zithunzi zisakhale za ma MB, video yodziyambira yokha ichotseni, ndipo yesani webusayitiyo pa foni wamba ndi data osati pa WiFi. Batani la WhatsApp likhale poonekera poti ndi pomwe anthu amafunsira, ma form aja ambiri sadzaza.

Chomwe chimachedwetsa ma webusayiti kwambiri ndi mawu ndi zithunzi. Kasitomala amati panganitu ndikutumizirani, miyezi nkumapita. Musayambe musanalandire, kapena mutchaje padera kulemba ndi kujambula. Zithunzi zongotola pa Google zili ndi eni ake, ndipo kuno tili ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Zaulere zilipo ku Pexels ndi Unsplash, komabe chithunzi chenicheni cha shopu yawo ndi antchito awo chimakhulupirika kuposa cha azungu ali mu ofesi ya kunja. Malipiro a webusayiti agaweni patatu, poyamba, akavomereza maonekedwe, ndi isanakwere pa domain yawo.

7. Mapepala

Mukayamba kufuna ntchito za makampani ndi ma NGO adzakufunsani satifiketi ya bizinesi, TPIN ndi akaunti ya banki ya dzina la bizinesi. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, TPIN ndi nambala ya msonkho yochokera ku MRA. Mabungwe amadula msonkho wotchedwa withholding tax asanakulipireni, nde musadabwe ndalama ikabwera yoperewera, pemphani satifiketi ya msonkho womwe adulawo muisunge. Ambiri salipira dipoziti ndipo amatha mwezi kapena kuposa, nde kumeneko chitetezo chanu ndi LPO, pepala la oda losainidwa. Popanda LPO musayambe olo bwana wa mu ofesimo akulonjezeni pakamwa. Ndalama ya bizinesi isasakanikirane ndi ya ndiwo, olo ikhale nambala ina ya Mpamba, ndipo lembani zolowa ndi zotuluka mu kope.

8. Kupeza makasitomala

Ambiri amabwera kudzera kwa omwe munawagwirira bwino, nde ntchito ikatha pemphani chilolezo choionetsa komanso kuti akutchuleni kwa anzawo. Dziwanani ndi a mashopu a printi, ojambula zithunzi pa maukwati, a decoration ndi ma MC, iwowa amakumana ndi ofuna ma design tsiku ndi tsiku. Abale athu a ku South Africa ndi ku UK nawo amafuna makhadi ndi ma posita a zochitika za kumudzi, amatumiza ndalama pa Mukuru kapena WorldRemit, malamulo a dipoziti ndi omwewo. Za Fiverr ndi Upwork, ma webusayiti opezerapo ntchito za pa intaneti, zilipo koma mpikisano ndi wa dziko lonse lapansi, Fiverr amadula 20% pa ntchito iliyonse, ndipo musanalandire oda onetsetsani kaye kuti njira yotapira ndalamazo kufika ku banki yanu ikugwira. Poti mukugwirira pakhomo, anthu osawadziwa kumanani nawo pa malo a anthu ambiri osati kunyumba komwe kuli laputopu yanu, ndipo ikani maola oyankha mameseji pa WhatsApp Business kuti asamakuimbireni pakati pa usiku.